Tauni ya Achimwene

Anthu okonza mafoni ali ndi mankhwala amodzi okha, ndipo amamwetsa wodwala aliyense: kufulasha. Foni ikuzima yokha? Fulashani. Ikuchedwa kutseguka? Fulashani. Amafufuta zonse za m'kati, n'kuikamo zatsopano, foni n'kudzuka ngati yangochoka m'sitolo. Wamafoni wa m'nkhani yathuyi anakulira m'chikhulupiriro chimenechi, ndipo kunena zoona n'chimene chinkadyetsa ana ake. Ndiye musamuweruze msanga, ngakhale nkhani yakeyi ndi yowiritsa mtima.

Tsikulo kunacha ndi mvula yowaza. Anali atangotsekula kasitolo kake, kaja kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mababu, pamene anaona alamu ake, akazi a achimwene ake, akudutsa pakati pa magalimoto atakumbatira chibokosi cha kompyuta. Anali atachifunditsa thawulo ngati mwana wodwala.

"Alamu, bwanji osangoimba? Ndikanabwera ndekha kunyumba."

"Mukanabwera liti, inu? Chaka chamawa?" anatero alamu akutula chibokosicho pa kauntala, pakati pa mabatire otupa ndi magalasi a mafoni osweka. "Ikumangouma. Akakhala pakati pomanga, zonse zimangoti njo! Dzulo achimwene anu anaponya kapu kukhoma."

Wamafoni anayang'ana pansi. Zoti sankapitapita kunyumbako zinali zoona. Chipinda cha wodwala chinkamuopsa, ndipo ankadzinamiza kuti ntchito ndiyo yachuluka.

Achimwene akewo, omwe anzawo ankawatcha a Zaulere, anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha makompyuta pa sukulu ina ya ntchito zamanja. Dzinalo analipata chifukwa cha sisitimu imene ankalalikira, ija yosagula, yoti aliyense atha kuivundukula n'kuisintha, ya chizindikiro cha kambalame konenepa kosauluka. Ukawasiyira kompyuta yako kuti angokuonera mausi, unkaipeza ili ndi kambalame. Paukwati, pamaliro, pamzere wa kuchipatala, nkhani yawo inali yomweyo: dinani ichi ndi ichi, zenera lakuda litseguka, lembani mawu awa, muona chimene chikukudyerani malo, musamagule pulogalamu yojambulira, ilipo yaulere yoposa imeneyo. Wamafoni ankangoti "eya, eya, achimwene," maso ali pa foni ya kasitomala. Malangizo onsewo ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Kenako m'mawa wina sitiroko inawagwetsa m'bafa. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panakhota, ndipo munthu uja wosatseka pakamwa anatsala wopanda liwu ndi limodzi lomwe. Miyezi yoyamba ankangoyang'ana khoma. Chakudya ankachita kuwakakamiza. Chimene chinawadzutsa sanali mankhwala, sanali alendo odzazonda, inali gemu. Inali gemu ya njerwa, yoti dziko lonse ndi timabokosi, iwe n'kumakumba ndi kumanga chimene wafuna. Anaiyamba kalekale asanadwale, ndipo anali atamangamo tauni yathunthu. Tsiku lina alamu anawakhazika pa njinga ya olumala n'kuwakankhira pa tebulo la kompyuta pofuna kusesa kunsi kwa bedi, n'kuwayatsira kuti aziona. Pobwera ndi tsache anapeza dzanja lamanzere lili pa mabatani.

Chiyambire pamenepo, m'mawa uliwonse ankamenya supuni pa chitsulo cha bedi kuti awasambitse, awaveke, awakhazike pa njinga yawo. Ankadya kuti akamange. Namwino wa mafizo anati asiyeni, dzanja limenelo likapitiriza kugwira ntchito thupi lonse lizitsatira.

"Mundimvetse bwino, alamu," anatero mayiwo atagwira m'mphepete mwa kauntala. "Zithunzi zaukwati zitayike, nyimbo zitayike, ine ndilibe nazo ntchito. Koma tauni yawo ija. Ikasowa imene ija, munthuyu sadzadzukanso pabedi."

"Aaa, alamu! Ine ndimatsegula timafoni tating'ono ngati bokosi la machesi. Chimphona ichi chingandivute? Pitani mukawasamale. Mawa lomweli muipeza ikuthamanga."

Alamu atachoka, analumikiza kompyuta ija ku sikirini yake yakale n'kuyatsa. Kambalame kanamulonjera. Sanaidziwe sisitimuyo, komabe foda ndi foda basi, kulikonse. Ndipo musaganize kuti anali munthu wosasamala. Anatenga diski yake yosungira zinthu, natsegula foda yaikulu ya achimwene, nasankha zonse zimene zinali pamaso pake, n'kuzikokera ku diski ija. Anadikira mpaka mzere wobiriwira unafika kumapeto. Anatsegulanso kuti atsimikize: zithunzi zilipo, nyimbo zilipo, makalata a kuntchito alipo, ngakhale foda ina yolembedwa kuti Tauni inali pomwepo. Ataiona imeneyo anamwetulira, osaitsegula n'komwe. M'foni mwake munali nambala ya mayi wina amene ankagwira ntchito ndi achimwene, katswiri wa sisitimu yomweyo. Anaiganizira nambalayo, koma anati iyayi, munthu wamkulu ngati ine ndizikafunsa kakopedwe ka foda? Safunsa anadya phula.

Anafulasha. Anafufuta diski yonse ya m'kompyuta ija, naikamo sisitimu ya kambalame yatsopano, potsatira zimene ankawerenga pa foni. Zinayenda bwino kwambiri moti anayamba kuimba mluzu. Anabwezeramo zithunzi, nyimbo ndi zina zonse. Ali mkati mokopera gemu ija pa intaneti, kompyuta inauma.

Njo! Mausi osasuntha.

Anaizimitsa, nachita chimene akanayamba nacho: anamasula zomangira n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Mayo ine! Fani inali itafunda fumbi lokhuthala ngati bulangeti, losakanikirana ndi ulusi ndi tsitsi, moti inkalephera kuzungulira. Kompyuta inkangotentha, basi. Anapempha chowumitsira tsitsi kwa ometa aja, napemerera fumbi lonse, anthu odutsa n'kumatsokomola. Atayatsanso, makina anayenda mwakachetechete, osaumanso. Matenda onse anali fumbi. Panalibe chofufutira kanthu.

Anaseka yekha, kuseka kwa manyazi, nati palibe kanthu poti zonse ndinasunga. Anatsegula gemu. Pamalo poonetsa maiko amene munthu wamanga panali poyera. Anatsegula foda ija ya Tauni kuti aloze gemuyo kumeneko. Munalibe tauni. Munali zithunzi chabe, zija munthu amajambula sikirini akafuna kuonetsa anzake zimene wamanga.

Anafufuza m'mafoda onse, kubwereza ndi kubwereza. Kasitomala wina anabwera ndi foni yosweka galasi, iye anangomuuza kuti abwere mawa osamuyang'ana n'komwe. Pamapeto pake anaimba nambala ija.

Mayiyo anamvetsera mpaka iye anamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Musanakope, munaonetsa zobisika?"

"Zobisika ziti, mayi?"

"Mu sisitimu imeneyi, foda iliyonse imene dzina lake layamba ndi kadontho siioneka. Imakhalapo, koma siioneka mpaka mutadina mabatani awiri. Magemu amasunga zinthu zawo m'mafoda amenewo. Achimwene anu sanakuuzeni? Paja amauza aliyense, ngakhale wogulitsa nyuzipepala."

Atamuuza mabataniwo, Wamafoni anawadina pa sisitimu yatsopano ija. Mafoda ambirimbiri anatumphuka pa sikirini, onse a kadontho kutsogolo. Anatsegula diski yake yosungira, nadinanso. Sipanatuluke kanthu.

"Zimitsani pompano," anatero mayiyo. "Chilichonse chimene mukuika pa diski ya m'kompyutayo chikukwirira zakale. Mwaikapo kale chiyani?"

"Sisitimu. Ndi nyimbo. Ndi zithunzi. Ndi gemu."

"Ambuye wanga," anatero mayiyo motsitsa.

Mayiyo anabwera yekha madzulo ake ataweruka, ali ndi fulashi ya mapulogalamu ofukulira zinthu zofufutidwa. Sanamunyoze Wamafoni, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa. Pulogalamuyo inagwira ntchito mpaka tsiku lotsatira, n'kulavula mafayilo miyandamiyanda opanda maina: theka la nyimbo, chithunzi chodulidwa mutu, zidutswa za kalata. Za tauni zinapezeka zibenthu zoti gemu inkakana kuzitsegula. Mayiyo anayesa njira zonse zimene ankadziwa, kenako anatsamira mpando n'kuvula magalasi.

"Madzi akatayika saoleka, bambo. Kawauzeni."

Sanakawauze. Alamu ataimba anawanamiza kuti pali kachitsulo kena kapsa, akudikira kuti kabwere.

"Fulumirani, alamu," anatero iwo. "Lero amenya supuni mpaka dzanja kutopa. Ndawakhazika pa tebulo lopanda kanthu, angoyang'ana zingwe. Tiyi akana."

Ndi pamene Wamafoni anatsegulanso zithunzi zija, tsopano n'kuziyang'ana bwinobwino, koyamba m'moyo wake. Nthawi zonse achimwene akamamuitana kuti adzaone zimene amanga, iye ankati ndikubwera, n'kupita kukacheza pakhonde. Anayang'ana chithunzi choyamba, chachiwiri. Sinali tauni wamba. Unali msewu umene anakuliramo awiriwo: mzere wa nyumba za antchito a kufakitale, zonse zofanana ngati mazira, thanki ya madzi ya miyendo italiitali, mlatho wa njanji umene ankakwera mobisa, sukulu ya mawindo osweka. Zonsezo boma linagwetsa kalekale, pano pali malo oimikapo magalimoto. Ndipo chakumapeto kwa mzere kunali nyumba ya chitseko chobiriwira. Bambo awo anachipaka okha penti kuti akamabwera ataledzera asamalowe kwa eni ake.

Analira pomwepo, pakati pa mabatire otupa, wometa tsitsi n'kumasuzumira pakhomo.

Atapukuta misozi anaganiza nzeru, ndipo inali nzeru ya munthu wamantha. Zithunzi zilipo, msewuwo ndikuudziwa, manja ndili nawo awiri. Ndimanganso. Anatsitsa chitseko cha sitolo mpaka theka, makasitomala n'kumagogoda n'kumabwerera. Anaphunzira kukumba, kuika njerwa, kusankha mitundu. Ankaika chithunzi mbali ina ya sikirini, n'kumawerenga mawindo ndi chala. Thanki inamuvuta, inagwera mbali kangapo. Mlatho anaumanga n'kuuphwasula mpaka unafanana. Mkazi wake ankamubweretsera chakudya n'kuchitenganso chitazizira.

"Kodi bambo a ana, mwapenga? Foni za anthu zili mbwee apa, inu mukusewera gemu?"

"Sindikusewera," anatero iye osacheuka.

Alamu ankaimba tsiku ndi tsiku, ndipo mawu awo ankanka nafooka. Supuni asiya kumenya. Dzulo sanalole kusamba. Ayambanso kuyang'ana khoma. Wamafoni ankati kachitsulo kali m'njira, n'kufulumizitsa manja. Sabata isanathe msewu unaima, kuyambira kuthanki mpaka kusukulu. Ataufananiza ndi zithunzi, ngakhale iye mwini sankasiyanitsa. Anaika kamunthu ka m'gemu pakati pa msewu, kuyang'ana kumlatho, pamene pankaoneka bwino koposa.

Anapita nayo Lamlungu masana. Chipinda cha achimwene chinkanunkha mankhwala opaka ndi zofunda zosaona dzuwa. Iwo anali atagona chammbali, ndevu zitamera, masaya atalowa. Ataona chibokosi chija diso lawo linawala, dzanja lamanzere n'kuyamba kupapasa pofunda kufuna supuni. Alamu anaseka, kuseka kwenikweni, nathamanga kukatenga beseni ndi malaya oyera. Wamafoni anagwada pansi pa tebulo n'kumalumikiza zingwe, akumva madzi akukhavukira kumbuyo kwake.

"Mwachita bwino, alamu," anatero mayiwo akumanga mabatani a malaya a amuna awo. "Anali atatsala pang'ono kumaliza khitchini."

"Khitchini iti?"

"Ya m'nyumba ya chitseko chobiriwira ija. Chidwalireni kunja samangako, amangokhala m'kati mwa imeneyo. Njerwa imodzi imawatengera nthawi, ndi dzanja limodzili, koma amanga zonse. Makina osokera a amayi anu pawindo, mabedi anu awiri, mpando wa bambo anu wothyoka mwendo. Akamaliza chinthu amandiitana ndi supuni kuti ndidzaone. Zimenezo sanajambule, batani lojambulira lili kutali ndi dzanja lawo."

Wamafoni anasiya kulumikiza zingwe. Anakhalabe pansi pa tebulo paja, chingwe chili m'manja. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Uyu khomo anaika, ndi lobiriwira lomwe. Koma kuseri kwa khomolo kunalibe chilichonse, ngakhale simenti yapansi.

Wamafoni ndi alamu ananyamula achimwene n'kuwakhazika pa njinga, nawakankhira pa tebulo. Alamu anati akaike madzi a tiyi pamoto, poti lero ndiye amwa. Gemu inatseguka. Msewu uja unaoneka, dzuwa la timabokosi lili pamwamba pa mlatho.

Achimwene anayang'ana nthawi yaitali. Kenako zala zinayamba kuyenda. Kamunthu kanatembenuka, kanasiya mlatho umene Wamafoni anauvutikira, kanatsika msewu osayang'ana uku kapena uku, mpaka pa chitseko chobiriwira. Chitseko chinatseguka. M'kati munali udzu. Makoma anayi, denga, ndi udzu wobiriwira, ndi kaduwa kamodzi kachikasu kamene gemu inameretsa yokha.

Kamunthu kanaima pakhomo. Kanayang'ana kuwindo kumene kunayenera kukhala makina osokera. Kanayang'ana kukona ya mabedi. Kenako dzanja linachoka pa mabatani, ndipo achimwene anatembenuza mutu pang'onopang'ono, mpaka diso lawo linapeza mng'ono wawo.

"Achimwene," anatero Wamafoni. Anagwada pambali pa njinga. "Ndinafulasha. Vuto linali fumbi chabe, koma ine ndinafulasha. Ndinakopa zonse, koma zobisika zija sindinaonetse. Munandiuza, ndikudziwa kuti munandiuza. Tayesa kufukula, zakanika. Izi ndamanga ndine. Pepani, achimwene. Ndiuzeni pamene panali chilichonse, muzingoloza, ine ndiziika. Ndizibwera tsiku lililonse."

Pakamwa pokhota paja panagwedezeka. Munthu amene akanamulalikira mpaka dzuwa kulowa, amene akanamutcha chitsiru n'kumufotokozera bwinobwino mmene akanachitira, anangotulutsa kamphepo. Malovu anatsika pachibwano. Wamafoni anafuna kuwapukuta, iwo anabweza mutu.

Dzanja linabwerera pa mabatani. Kamunthu kananyamula chokumbira, kanamenya chitseko chobiriwira. Chitseko chinasowa. Kanamenya njerwa ya pambali pake, kenako ina. Tiki, tiki, tiki. Njerwa iliyonse inkawatengera nthawi, chala chinkaphonya n'kubwerera, koma sanaleke.

Alamu anatulukira pakhomo ndi thireyi. Pamene anaima sankaona sikirini, ankangoona msana wa amuna awo utawongoka ndi dzanja likugwira ntchito. Anatula thireyi pa mpando n'kuphimba pakamwa ndi manja onse awiri.

"Imvani, alamu! Imvani kaphokosoko! Ndinakasowa ine. Mulungu akudalitseni, mwandibwezera munthu wanga."

Wamafoni anadzuka pamene anagwada paja. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumaonerera khoma lakumaso likutha, kenako lam'mbali, denga n'kutsala lili lende m'malere. Tiyi anazizira. Achimwene sanakhudze thanki, sanakhudze mlatho kapena nyumba za anthu ena. Anachotsa yawo yokha, njerwa ndi njerwa, mpaka kumapeto kwa mzere kunatsala bwalo la udzu. Dzuwa likupendeka, anatseka gemu. Anatsegula zenera lakuda lija, nalemba ndi chala chimodzi mawu ozimitsira, osaphonya chilembo. Fani yoyera ija inazungulira pang'ono n'kuima. Kenako analoza bedi.

Wamafoni anawauza alamu zoona zonse ali kukhitchini, ataima pafupi ndi sinki. Iwo anamvetsera mpopi ukutuluka madzi, osautseka. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye kachitsulo kaja kanali bodza?" Iye anavomera ndi mutu. Alamu anatsuka kapu imodzi yomweyo nthawi yaitali, kenako anati kunja kukuda, ana akudikira, azipita.

Mawa lake Wamafoni anabweranso, ndi mkuja, monga analonjezera. Ankatseka sitolo masana, n'kukhala pa tebulo lija ndi kuyatsa gemu, akulankhula mokweza kuti wodwala amve. Makina a amayi anali pawindo ili, eti achimwene? Bedi langa linali lakukhoma kapena lakukhomo? Zoona zake n'zakuti iye anali wamng'ono pamene ankachoka m'nyumba imeneyo, ndipo zambiri sankazikumbuka. Amene ankazikumbuka anali atagona chammbali, nkhope kukhoma. Namwino wa mafizo anabwera, nawongola zala za dzanja lamanzere chimodzichimodzi, n'kupukusa mutu poona kuti zayamba kupindikira m'kati ngati za dzanja linalo.

Tsiku lina Wamafoni atafika anapeza tebulo lija alitulutsa pakhonde, ndipo pamalo pake ayala matiresi apulasitiki ndi mulu wa nsalu zosinthira. Anaima pakhomo osadziwa poika manja. Alamu anali ataweramira pabedi, atalowetsa mkono kunsi kwa mapewa a amuna awo. Alamu nawonso anali ataonda.

"Musaime pamenepo, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Msana wayamba zilonda. Gwirani kumiyendoko tiwatembenuze."